Filimu ya m'ndende yaulula za amalume Zuze

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinaperekeza amayi ku Fingoe kukagulitsa mbuzi. Tisanafike pamsika mvula inatipeza, ndiye tinausa mu loja ina, kasitolo momwe anthu amaonera filimu. Inali ya m'kadeya, ndende imene ija. Mkaidi wina anafera m'chitokosi, mzimu wake n'kumatuluka m'khoma kudzapotokola makosi a alonda.

Itatha panabuka mkangano. Anyamata okumba golide ankati ndi bodza la makompyuta. Mayi wina ankati ndi ziwanda, mafilimu otere aziwaletsa. Amayi anga anali atagwira chitenje pakamwa, ine n'kumati achita mantha.

Kenako anangoti, "Munthu uja si woipa ayi. Abale ake sanapite kukamutenga. Atuluka bwanji yekha?"

Ndinaseka. Iwo anandiyang'ana nati, "Ukuseka? Amalume ako Zuze ali chimodzimodzi."

Abale, tonsefe tinakula tikumva kuti amalume anamwalira ndi malungo ku Zambia, komwe banja lathu linathawira nthawi ya nkhondo. Amayi akuti anafera m'ndende atagwidwa opanda mapepala, ndipo anaikidwa ndi akaidi anzawo. Pobwerera kuno palibe amene anatapa ngakhale kadothi ka pamanda kuti mzimu wawo ubwere kumudzi.

Mbuzi ija tabwerera nayo. Akuti isagulitsidwenso, idzaphedwa tsiku limene amalume adzafike kwawo.

Achimwene a ku Malowera, inu munkazidziwa zimenezi? Nanga titani, poti ngakhale pamene pali manda amayi sakupadziwa?