Njerwa Zotentha za Tchalitchi

Mdzukulu wanga akuwotcha njerwa kuseri kwa nyumba. Fungo lake landisowetsa mtendere kuyambira m'mawa.

Ndili mwana, mpingo wathu ku Njuli unkamanga tchalitchi. Bambo ndi amalume sankalankhulana. Amalume anawanena pagulu kuti ndi mkamwini wopanda munda, ndipo bambo analumbira kuti sadzalandiranso kanthu kuchokera m'manja mwawo.

Tsiku lophwasula uvuni, titapemphera, mkulu wa mpingo anatiimika pamzere wopatsirana njerwa. Awiriwo anawaika moyandikana mwadala. Bambo anandikoka n'kundiimika pakati pawo.

Njerwazo zinali zisanazizire. Ndinkalandira kwa amalume n'kupereka kwa bambo, mpaka m'manja munatuluka matuza. Sindinalire. Koma njerwa ina inandipulumuka n'kusweka, ndipo mzere wonse unaima.

"Alamu, mwanayu wapsa," anatero amalume, maso ali pansi.

Bambo anatembenuza manja anga n'kuwayang'ana nthawi yaitali, fumbi lofiira lili m'ndevu.

"Choka apa, iwe."

Anasendera pamalo panga. Amalume anali atanyamula kale njerwa ina. Bambo anatambasula manja onse awiri.

"Bweretsani, alamu. Anthu akudikira."