Namba Yamakani ya a Luhanga

Ndinene poyera: a Overton Luhanga ndimawachitira nsanje. Ine mphunzitsi wa masamu, wochokera ku Ntcheu ndi dipuloma yanga, kuchitira nsanje munthu woumba njerwa. Sekani, palibe kanthu.

A Luhanga anabadwira ku Nkhamanga, ndipo sukulu analekezera Sitandade 6 bambo awo atawafuna kumunda wa fodya. Akhala akuumba ndi kuwotcha njerwa kuno ku Phwezi zaka makumi atatu. Posanja njerwa safuna mzere woperewera. Akangomva namba, mutu wawo umayamba kuisanja m'mizere yofanana, ndipo ikakana kugawika amaitcha yamakani. Akazi awo, a Isabella, anatopa n'kuzira khoma la khitchini, chifukwa bambowo amalidzazanso ndi manambala olemba ndi khala.

Chaka chatha ankamanga uvuni kuseri kwa kalasi yanga ya Fomu 3. Tsiku lina ndinkaphunzitsa za manambala amene sagawika ndi namba ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Pofuna kudabwitsa ana, ndinalemba 10,001 pabolodi. Ndinali nditayesa 3, 7, 11 ndi 13, zonse n'kukana, ndiye ndinalengeza kuti imeneyi sigawika. Ana anakopera osafunsa. Iwowa amanditcha Kakyuleta, dzina limene ndinalikhetsera thukuta zaka zisanu pamudzi pa eni, ndipo sindinali wokonzeka kulitaya.

Patapita masiku atatu, ana ataweruka, a Luhanga anandidikirira pamjigo chipewa chili m'manja. Iwo sangawongolere mphunzitsi pamaso pa ana, ngakhale mutawakakamiza.

"Asambizgi, pepani chomene," anatero, kunditchula mphunzitsi m'chinenero chakwawo. "Namba yanu ija ndinaimvera pawindo. Si yamakani ayi. Mizere 73, mzere uliwonse njerwa 137. Palibe yotsala."

Ndinachulukitsa padothi ndi kamtengo. Inakwana ndendende. Kulakwako sikunandiwawe kwambiri. Chinandiwawa n'chakuti ine ndinatopera pa 13, iwo n'kupirira mpaka 73 popanda wowatuma, ndipo nkhope yawo inali ndi chisangalalo chimene ine masamu anasiya kalekale kundipatsa.

M'mawa mwake ndinauza ana kuti unali msampha. "Ndimafuna ndione amene atulukire, koma nonse munagona." Ndinalemba 73 × 137, ana n'kuwomba m'manja. Dzina la a Luhanga sindinalitchule, ngakhale ndinkawaona pawindo akusenza njerwa.

Sabata yonse ndinkawazemba, podziwa kuti anamva zonse. Lachisanu anandipeza okha, n'kundipatsa kachidutswa ka thumba la simenti. Analembapo 1,000,001, m'munsi mwake 101 × 9,901. Akanandikalipira bwenzi mtima wanga utapepuka, koma ankangomwetulira.

"Iyinso muwatchere ana aja, asambizgi. Ine kalasi ndilibe."

Ndinalandira ndi manja awiri. "Yewo," ndinatero.

Lolemba ndinaiphunzitsa, ndipo ana anandiwomberanso m'manja.