Nkhuku zisanu za ababa

Ndikukumbukira chaka cha korona, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, titangochoka ku Masembura kudzakhala kukomboni ya mgodi ku Bindura. Ababa, amene chifuwa chawo chinali chitatha kale ndi fumbi la pansi, anagonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Wachibale aliyense sankaloledwa kulowa. Amayi anasiya kudya. Ankasesa pabwalo katatu pa tsiku, ndipo foni ikalira ankaithawa, n'kundikodola kuti ndiyankhe ine.

Tsiku lachitatu anapha nkhuku, anaphika ndi mpunga, n'kumanga kontena pansalu. Poti iwo miyendo inali yotupa, anatuma ine pa njinga ya ababa.

Pageti la chipatala ndinapeza mlonda, masiki ili pachibwano. Ataona kontena anapukusa mutu. "Hazvipinde izvi, mwanangu, izi sizilowa muno. Bambo ako akudyera m'kapaipi ka pamphuno. Ntchafu ya nkhuku idutsa bwanji pamenepo?"

Ine ndinaleredwa kuti wamkulu sumubwezera mawu. Ndinathokoza, n'kutembenuza njinga. Koma nditafika pamulu wa dothi la mgodi, ndinatsika panjinga. Ndikawauza chiyani amayi? Kutaya chakudya linali tchimo, kubwerera nacho kunali koipa koposa. Ndinakhala kuseri kwa chulu china n'kudya zonse, misozi ikugwera mumpunga. Manja ankanunkha sanitaiza ya pageti, moti nkhukuyo inkamveka ngati mankhwala.

Amayi atatsegula kontena n'kupeza mafupa okhaokha, anakhala pansi mwadzidzidzi. "Adya! Mpaka kuswa mafupa!" Tsiku limenelo nawonso anadya. Anandipakuliranso ine mbale yodzaza poti ndinali nditayenda mtunda wautali, ndipo ndinaimaliza kuopa mafunso.

Basi, inasanduka ntchito yanga. Kontena ikabwera yopanda kanthu, amayi ankadya. Ankandifunsa kuti anesi akuti chiyani, ndiye tsiku lina ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti ababa akuti mchere wachepa. Amayi anaomba m'manja. "Ndi iwowo amenewo! Akudandaula, ndiye kuti ali bwino!" Kuyambira pamenepo ndinkadya zowawa mchere.

Anthu a pakomboni atamva kuti wodwala akudya, anayamba kuthandiza. Wina anapatsira mbatata pamwamba pa mpanda, wina mazira owiritsa, wina botolo la maheu. Zonsezo zinkathera kuseri kwa chulu. Siketi inayamba kundithina. Azimayi a kumpingo anati Esnatiyu akutupa ndi nkhawa, ndipo anandipempherera ataima patali, manja atawatambasulira kwa ine.

Nkhawayo ndinali nayodi. Tsiku lililonse ndinkafikabe pageti, n'kuima ndikuyang'ana mawindo, osadziwa kuti la ababa ndi liti, osadziwanso ngati akupumabe. Ndinkapemphera kuti asafe chifukwa ndi ababa anga, komanso, ndinene zoona, chifukwa ndinkaopa kudzapezeka kuti ndinadya nkhuku za maliro.

Patatha milungu inayi anatulutsidwa. Anatsika m'galimoto atawagwira mbali zonse, malaya akulendewera ngati ali pachingwe. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chimwemwe chikusanduka kudabwa.

"Inu a bambo a Esnati, nkhuku zisanu zija zinalowa pati?"

Ababa anayang'ana khola lopanda kanthu, kenako anayang'ana masaya anga kwa nthawi yaitali. Anakoka mpweya movutikira.

"Zinayi zinali bwino," anatero. "Koma tambala uja munafulumira kumuphula."

Amayi anayamba kudziteteza kuti nkhuni zinali zaziwisi. Ine ndinathamangira kukatunga madzi amene palibe anandituma. Tambalayo analidi wolimba.

Masiku ano geti lija ndi lotsegula. Anthu amalowa ndi madengu, amakhala pambali pa bedi, amaona ndi maso awo ngati wodwala wameza kapena ayi. Ndimawasirira, chifukwa ife tinalibe choti tione, tinkangokhulupirira kontena. Amayi mpaka lero amachitira umboni kumpingo kuti madokotala anayesetsa, koma chimene chinadzutsa amuna awo ndi msuzi. Ababa amagwedeza mutu kuvomereza, ine ndimati ameni mokweza kuposa onse.