Mwala wa Watipaso

A Hezron Chirambo ndinawadziwa chifukwa cha netiweki. Boma litandichotsa kwathu ku Ntcheu kuti ndikaphunzitse jogalafe ku Bolero, ndinapeza nyumba yoyandikana ndi yawo. Pakati pathu panali chulu, malo okhawo pamene foni inkagwira bwino. Tsiku lina ndinawapeza pachulupo, bambo wa zaka 74, tayi ili pakhosi, akutokosa foni ndi chala ngati akufuna kuiboola.

Kunena zoona, sindinkawakonda. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, komanso mkulu wa mpingo kuyambira kalekale, ndipo anthu ankawaopa kuposa abusa. Ndinamva kuti mayi wina wamasiye anaimitsidwa mgonero miyezi isanu ndi umodzi atapezeka akulankhula pamanda a mwamuna wake, ndipo amene anaumirira chilangocho anali iwowa. Ankati akufa samva, kulankhula nawo n'chikunja basi.

Ndiye tangoganizani kudabwa kwanga atandipempha, mwaulemu ndithu, kuti ndiwalembetse kosi ya pa intaneti yophunzira za madayinoso, zinyama zikuluzikulu zija zinatha kalekale. Ndinaseka, ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawafunsa ngati akufuna kuyamba kuweta. Iwo sanaseke, anangondipatsa foniyo.

Kosiyo inali yaulere, ya yunivesite ina yakunja, ya masabata khumi ndi awiri. Masana ndikaweruka tinkakhala pachulu, ine n'kumawerenga tizilembo timene maso awo sankationa, iwo n'kumalemba m'kope. Ankayamba ndi deti, n'kulemba mzere kunsi kwake ndi rula, ngati kubwera woyendera sukulu. Mphunzitsi wa muvidiyo akathamanga ankamudzudzula kuti wafulumira chomene. Atamva kuti nkhuku ndi mbale wa zinyamazo, anayang'anitsitsa tambala wawo nthawi yaitali. Za zaka mamiliyoni ankazilemba nkhope ili gwa, n'kundichenjeza kuti kulemba si kuvomera.

Sabata yachinayi phunziro linali la mmene fupa limasandukira mwala pansi pa nthaka. Vidiyo imeneyo anaibwereza kasanu. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kanthu kokulunga m'kansalu. Unali mwala wofiirira, wautali ngati chikhatho, mbali imodzi yothyoka.

Ndi pamene anandiuza za mwana wawo, Watipaso.

Mu 1996 ankaphunzitsa pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Chiweta. Watipaso, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anajomba kukalasi ya ubatizo, n'kufika anzake akutuluka, zovala zili dothi lokhalokha. Ananyamula mwalawu, akuwefuka ndi chimwemwe. Anati waukumba m'chigwembe, ndipo ndi fupa la chinyama. A Chirambo anamukwapula pamaso pa kalasi yonse pa milandu iwiri, kujomba ndi bodza. Anamuuza aukweze m'mwamba, anene katatu kuti uwu ndi mwala. Mwanayo ananena, akulira. Iwo anauponya kutchire.

Kuchokera tsiku limenelo Watipaso sanawaonetsenso kanthu kalikonse. Anasiya kuwatchula adada, ankangoti ahedi, ngakhale pakhomo. Atamaliza Folomu 4 anapita ku Joni, ndipo akaimba foni ankapempha amayi ake okha. Mu 2019 anabwerera ali m'bokosi, pa kangolo kokokedwa ndi minibasi. Chaka chatha amayi akewo, a Phoebe, nawonso anamwalira. Potsegula sutikesi yawo, pansi pa yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, a Chirambo anapeza mwala uja. Mayiyo anakautola kutchire, n'kuusunga zaka zonsezo osanena.

Ine mtima unandiwira. Ndinafuna kuwafunsa kuti munthu wamkulu, wophunzira, n'kumenya mwana chifukwa cha mwala? Koma iwo anapitiriza kulankhula. Anati akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha asanafe: kodi mwanayo ananama kapena ayi?

Mphunzitsi wa muvidiyo anali atanena kuti fupa lakale limakhala ndi timabowo ting'onoting'ono pothyokera, ndipo kawirikawiri ukaligunditsa lilime limamata. A Chirambo anapukuta mwalawo ndi mpango, n'kutulutsa lilime, mkulu wa mpingo wathunthu, masanasana pachulu. Unamata. Anayesanso, unamatanso. Koma anati zimenezo si zokwanira, munthu sadzichongera yekha mayeso.

Tinaujambula mbali zonse, rula ili pambali pake, n'kutumiza pamalo pamene ophunzira amafunsira mafunso. Tinadikira masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito ndinkawapeza ali kale pachulu. Ndivomere, ine ndinkapemphera chamumtima kuti ukhale mwala wamba. Ndinkaona kuti yankho linalo liwapha.

Anayankha ndi mayi wina wothandiza pakosiyo, dzina lake Muriel. Anati pachithunzi pokha sangalumbire, koma zizindikiro zonse n'za fupa. Anawonjezera kuti mwina si la dayinoso, popeza miyala ya ku Chiweta ndi yakale kuposa madayinoso, ndipo ndi bwino aupititse kwa odziwa kuti akauone ndi maso.

Ndinakakamira pomwepo. Ndinawauza kuti mwaona adada, si dayinoso, musadzizunze.

"Madamu," anatero, "mwanayo sanati dayinoso. Anati fupa."

Lachiwiri lotsatira anakwera minibasi kupita ku Karonga, kunyumba yosungirako zinthu zakale. Anabwerako Lachitatu, fumbi lili mbuu, ndipo nditawafunsa ngati lilidi fupa anangogwedeza mutu kuvomereza. Kosi ija sanaitsegulenso. Ndinawakumbutsa kuti satifiketi ili pafupi, iwo anati aikhoma pakhoma kuti aione ndani. Anayamba kuonda. Kutchalitchi ankapitabe, koma akapemphedwa kutseka ndi pemphero ankakana. Ndinawamvera chisoni kwambiri, munthu amene poyamba sindinkafuna n'kumuona komwe.

Loweruka lina m'mawa anagogoda pakhomo panga ali ndi makasu awiri. Anandipempha ndikawathandize kulambula manda a banja lawo, kuseri kwa munda wa fodya. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, ndipo pamandapo panalibe udzu ngakhale umodzi. Tinapalapalabe fumbi.

Atafika pa chiliza cha Watipaso anaika khasu pansi, n'kuvula chipewa. Milomo inkagwedera koma mawu osatuluka. Ndinadziwa chimene chinkawaletsa: zimene analangira mayi wamasiye uja sakanatha kuzichita iwo, ngakhale mboni inali ine ndekha. Ndinafuna kuwauza kuti lankhulani adada, sindikauza munthu. Ndisanatero, anatembenuka, n'kufulatira chilizacho, n'kuyang'ana ine.

"Madamu, ndikuuza inu, chifukwa akufa samva," anatero, mokweza ngati ali m'kalasi. "Watipaso sananame. Linali fupa. Ndinamumenya popanda chifukwa, ndipo Mulungu anandipatsa zaka makumi awiri ndi zitatu zoti ndimupepese, koma sindinatero. Wolakwa ndine."

Ndinayankha kuti ndamva, misozi ili chuchuchu. Iwo sanandiyang'anenso kumaso. Anabwerera m'mbuyo pang'ono mpaka chidendene chinakhudza chiliza, n'kubwereza mawu onsewo m'Chitumbuka, pang'onopang'ono, akudziwa bwino lomwe kuti ine Chitumbuka sindimva.