Kaduwa Kofiira pa Yunifomu

Zaka zimene chuma cha Ireland chinagwa chagada, ine ndinkasamalira okalamba ku nyumba ina ku Drumcondra, kudzera ku ejensi. Ejensi sikulemba ntchito ayi, imangokuimbira foni ikakufuna. Masiku amenewo ngakhale eni dziko, amene kale ankanyansidwa ndi ntchito yosambitsa nkhalamba, anali atayamba kuilimbirana nafe. Wachibale wa wokalamba akangodandaula kamodzi, foni yako inkangoti zii, osakuuza n'komwe chifukwa. Ndinali ndi ana awiri ku Clondalkin, ndipo ndinkadzuka faifi koloko kukakwera mabasi awiri. Kutopa kwake kunali kofika m'mafupa.

Mu Novembala mchemwali wanga wa ku England ananditumizira mu envelopu kaduwa kofiira kapepala kaja, popi, kokumbukira amene anafera kunkhondo. Kwathu ku Zomba timakadziwa bwino. Tili pasukulu tinkagula, n'kumaonerera asilikali okalamba atafola ndi mamendulo awo, ndipo panalibe wofunsa kuti kaduwako n'ka mbali iti. Kwa ine kanali ka agogo awo a mayi anga. Iwowa anagwidwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene akuluakulu ankaitcha ya chiwaya, kuti akakhale amtengatenga. Anasenza mabokosi a zipolopolo kulowera kumpoto, osabwerakonso. Manda awo sitiwadziwa. Ndiye ndinakabaya pa yunifomu ndi pini, n'kunyamuka.

Safunsa anadya phula. Sindinkadziwa kuti kuno ambiri amakaona kaduwako ngati chizindikiro cha asilikali a Angelezi, amene anawakhalira pakhosi zaka zambirimbiri. M'basi anthu ankandiyang'ana pachifuwa, ine n'kumati kapena ndadontheza tiyi.

Panali bambo ena a zaka nainte amene ndinkawameta ndevu m'mawa uliwonse, munthu wamtali, wosakonda kulankhula. Tsiku limenelo anayang'anitsitsa kaduwako, kenaka misozi mbwembwembwe. Ndisanafunse n'komwe, analowa mwana wawo wamkazi, mayi wamkulu ndithu, wa imvi zake.

"Chotsani chimenecho," anatero mayiyo. "Banja lathu linamenyera ufulu wa dziko lino. Onani mmene mwawalizira bambo anga."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ondidziwa akudziwa. Yankho linafika pakamwa penipeni, koma ndinakumbukira ana anga. Ndinachotsa kaduwako, ndinapepesa katatu, n'kukaponya m'bini iwo akuona. Manyazi amene anandigwira sanali a mayiyo, anali a agogo aja, kuti ndawataya pamodzi ndi magolovesi akuda. Ngakhale zinali choncho mayiyo anakadandaulabe kwa amanejala. Amanejala anandiuza kuti ndimalize sabatayo, za kutsogolo tiona. Ndinali nditakhalitsa mokwanira kuti ndidziwe tanthauzo la tiona.

Lachisanu, tsiku langa lomaliza, ndinapita kukawameta bambo aja. Nditangowapaka thovu anandigwira pamkono.

"Munkavalira ndani?" anafunsa.

Ndinawauza za mabokosi a zipolopolo.

"Anabwerako?"

"Ayi, bambo."

"Bambo anga anabwerako," anatero.

Analankhula pang'onopang'ono, thovu likuuma pamasaya. Bambo awo anapita ku France atavala yunifomu ya Angelezi, osati chifukwa chokonda mfumu, koma kudoko ntchito inali itasowa. Anakhala zaka m'ngalande zimene asilikali ankakumba zobisalamo, madzi olekeza m'mawondo, makoswe akuwayenda pankhope, zala zakuphazi zikuwola m'jombo. Pobwerako anapeza dziko litatembenuka, ndipo aliyense amene anavalapo yunifomu ija ankatchedwa wogulitsa mtundu. Mamendulo anawaponya mu mtsinje. Mayi a madalawa analangiza ana onse kuti wina akafunsa azinena kuti bambo anali ku England kumanga njanji. Bambowo anafa osatchulapo za nkhondo, koma chitseko chikamenyetseka ankalowa pansi pa tebulo, ana akuona.

"Mwana wangayu sadziwa," anatero. "Amadziwa za akuchikazi kwanga okha, amene anamenyana ndi Angelezi. Wakula akunyadira zimenezo."

Apa mtima wanga unadumpha. Ndiye kuti misozi ija sinali yokwiyira ine!

"Muuzeni, bambo," ndinatero. "Chonde muuzeni. Akadziwa kuti sindinakulakwireni, akabweza dandaulo lija. Ntchito yanga yagona pamenepo."

Anatembenukira pawindo.

"Ndinalonjeza mayi anga," anatero. "Pepani, mwana wanga. Malizani kundimeta."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinati mumtima, madala inu, amayi anu anawola kalekale, ana anga ali moyo ndipo amadya. Ndinayamba ndaika lezala pansi. Kenaka ndinapakanso thovu latsopano n'kuwameta bwinobwino, osawatema ngakhale pang'ono. Ankaoneka otopa kuposa ine.

Potuluka ndinakumana ndi mwana wawo uja m'kholido, atanyamula kathumba ka mphesa. Anaima, nanenso ndinaima. Mawu ochepa chabe akanandibwezera ntchito, ndipo ndinali nditawakonza kale pamilomo. Koma ndinaganiza za munthu wa zaka nainte amene wasenza chinthu chimenecho kuyambira ali mwana, n'kukachitula kwa mlendo wometa ndevu chifukwa ankadziwa kuti mlendoyo akuchoka.

"Ndawameta," ndinatero. "Akudikira inu."

Mayiyo anagwedeza mutu n'kudutsa. Ku nyumba imeneyo sanandiitanenso, ndipo ejensi inakhala miyezi itatu osandiimbira. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Ana anga ndiwo anavutika nayo miyezi imeneyo, ndipo iwo sanalonjeze kalikonse kwa munthu.