A Mezamalovu ndi Khosi la Mdzukulu Wawo

Kwa zaka makumi atatu ankayenda m'masukulu kufufuza matenda a chithokomiro. Ana pamzere, iwo chala pakhosi: "Kweza chibwano, meza malovu." Dzina loti a Mezamalovu linachokera pomwepo. Kumsika ankadonthezera mankhwala pamchere, ndipo ukapanda kusintha mtundu, wogulitsayo ankalalikidwa za ayodini mpaka ogula kuthawa. Ngakhale atapuma pantchito, ukawapatsa moni ankayamba kukuona khosi, nkhope pambuyo.

Mwana wawo wamkazi atakhala ndi pakati, a Mezamalovu anati ntchito yawapeza pakhomo. Mapiritsi a kusikelo anawayesa maswiti. Anagula kabotolo ka madontho a ayodini n'kumamudonthezera m'kapu ya madzi m'mawa uliwonse. Pabotolo panalembedwa kuti dontho limodzi. Iwo ankathira asanu, poti omwa ndi awiri, wothirayo katswiri.

"Adadi, madziwa akununkha chipatala."

"Imwa. Mdzukulu wanga adzakhoza masamu."

Mwezi wachisanu ndi chiwiri anamuperekeza kokaunikitsa mimba. Dokotala, mtsikana woti mwina anamugwirapo khosi ali kusukulu, anawalozera pakanema. Kamutu ka mwana kanali kopendekera kumbuyo, pakhosi pali chotupa.

"Ayodini akachuluka, chithokomiro cha mwana wosabadwa chimafooka n'kutupa," anatero dokotala. "Chikakula chikhoza kumutseka mpweya pobadwa. Kunyumba akumwa chiyani?"

A Mezamalovu anameza malovu, popanda wowauza.

Anatulutsa kabotolo m'thumba la jekete n'kukaika patebulo. "Ndine ndimathira. Zaka zonsezi ndimasaka chithokomiro m'makosi a eni, lero ndachiweta ndekha."

Madontho analekeka. Mlungu uliwonse dokotala ankayeza chotupacho, iwo ali pabenchi panja, chipewa pabondo. Akazi awo sanakalipe. Ankangowasunthira mchere kutali pa nthawi ya chakudya.

Mwana anabadwa masana. Analira mpaka wokolopa m'khonde kuima, ndipo a Mezamalovu anadziwa kuti mpweya ukudutsa. Kotupa kanalipo, kakang'ono. Dokotala anamutenga magazi, namupatsa mankhwala, nati katha pakapita miyezi.

Atawapatsa kuti anyamule, chala chinanyamuka chokha kulowera pakhosi.

"Adadi, dzanja m'thumba."

Analibweza.

Masiku ano udindo wawo ndi kuchapa matewera. Sopo amawayezera ndi mwana wawo.