Tsiku Limene Thambo Loyera Linandinamiza

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene anandisiyira dzanja ili loti ndilembere, ndipo sanalole kuti kuuma mutu kwanga kuphe mayi ndi mwana.

Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Kwathu aliyense amadziwa kuwerenga kumwamba: phiri likafunda mtambo ndiye kuti chiperoni chafika, khala pansi; kukayera, nyamuka. Nzeru imeneyi ndinabwera nayo ku Leicester, ndipo ndinkaikhulupirira kuposa a zanyengo.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho ankatituma kutali, ku zigwa za Derbyshire, kwa bambo wina amene kale ankaweta nkhosa. Miyendo yawo inali itafa, choncho powadzutsa pankafunika anthu awiri. Ndinkapita ndi mtsikana wa kutchalitchi kwathu, wa ku Beaumont Leys, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu. Mimba yake yoyamba inapita padera, ndipo iyi tonse tinkaipempherera.

Nyumba ya bambowo inali pansi penipeni pa chigwa. Njira zinali ziwiri: msewu waukulu wozungulira, umene amauthira mchere kuti usaterere, ndi kanjira kachidule kotsetsereka pakati pa mipanda ya miyala. Tsiku lina ndikuwameta ndevu anandichenjeza.

"Kukachita mitambo usaope, mwana wanga. Uziopa kukayera. Kuzizira kumatsika phiri ngati madzi n'kudzagona kuno kunsi, ndipo dzuwa silifika mpaka masana."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

M'mawa mwake pafoni panali chenjezo la ayezi, madzi oundana ndi kuzizira, m'misewu ya m'zigwa. Ndinatuluka panja, kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Tinali titachedwa kale.

"Achemwali, foni ikuti kuli ayezi," anatero mtsikanayo polowa m'galimoto.

"Foniyo ili ndi maso? Taona kumwambaku. Kwathu tsiku ngati ili timayanika ufa."

"Kuno si kwanu, achemwali."

"Iwe manga lamba, usandiphunzitse kudiraiva."

Anaseka, n'kumanga lambayo kunsi kwa mimba.

Pamwamba pa phiri dzuwa linkawala, msewu uli gwa. Ndinakhotera kanjira kachidule kaja. Titangolowa mumthunzi, phokoso la matayala linazima. Phula linkaoneka ngati langonyowa. Ndinaponda buleki, galimoto osamva. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse, ndipo kumbuyo kunabwera kutsogolo. Tinazungulira kawiri. Mpanda unatilandira mbali imene anakhala mtsikanayo. Chitsulo chinalira, galasi linaphulika n'kutiwaza kumaso, mwala waukulu ngati mutu wa ng'ombe unalowera pawindo n'kumuphwanya mkono. Galimoto inaboola mpandawo, inagubuduzika, n'kukagwa chagada m'busa la nkhosa. Ndinapezeka ndili lende pa lamba, mutu pansi, magazi akutsikira m'maso. Mano awiri ndinawalavulira padenga.

Mtsikanayo sankalira. Fupa linali litaboola juzi yake, koma dzanja linalo linali pamimba.

"Achemwali, sakugunda. Mwana sakugunda."

Mavesi onse amene ndinaloweza chiyambire ubwana wanga anandithawa. Ndinangotsala ndi mawu ochepa: "Ambuye, wolakwa ndine. Musatenge uyu."

M'chigwamo foni inalibe netiweki. Ndinadzimasula, ndinatulukira pawindo, ndinayesa kukwera kumsewu. Ndinaterereka, chibwano n'kumenya pansi. Ndinayesanso chokwawa, zikhatho zikung'ambika pa ayezi. Pamenepo ndinamva kulira kwa thirakitala.

Anali mlimi woyandikana ndi bambo aja. Bambowo ataona kuti nthawi yathu yadutsa, ndipo pawindo pawo kumwamba kuli koyera, anamuimbira pafoni ya m'nyumba. Sanamuuze kuti atifunefune paliponse. Anamuuza kuti apite kukanjira kachidule. Munthu amene ndinanyoza mawu ake ndi amene Mulungu anamuika kukhala mlonda wathu, ali gone pabedi.

Ambulansi imene mlimiyo anaitanitsa inadzera msewu wa mchere uja, ndipo inatenga nthawi. Kuchipatala namwino anaika kachipangizo komvera mtima wa mwana pamimba ya mtsikanayo. M'chipindamo munali zii. Anasuntha kachipangizoko, zii. Anasunthanso. Kenako tinamva kamtima kakuthamanga ngati mapazi a kamwana pakhonde. Ndinagwada pomwepo, magazi ali kukamwa.

Mwanayo lero akuyenda, ndipo ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chingelezi. Mkono wa mayi ake suwongoka. Ndikamuona akulimbana ndi chitenje kuti amubereke kumbuyo, ndimadziwa amene anachita zimenezi. Anandikhululukira tisanatuluke m'chipatala, koma mkonowo uli chomwecho. Masiku ano chenjezo likabwera ndimazungulira, ngakhale dzuwa liwale bwanji.

Inu amene mumadzukira m'misewu yozizira ya dziko lino kukasamalira makolo a eni, Ambuye akupatseni khutu lomva eni nthaka, agwire matayala anu potsika chigwa, ndipo akubwezereni kwa ana anu muli amphumphu.